Mlandu wa Kukula Popanda Chilolezo

Pansi pa nyanja yamchere, kuya kumene nangula wa sitima safikako, kuli ufumu wotchedwa Mezani. Likulu lake ndi Pakhosi, ndipo wopita ku likuluko amayamba watsanzikana bwinobwino ndi abale ake, poti obwerako ndi owerengeka. Masiku amene ndikunenawa pampando panali Mfumu Chimeza Wachinayi, chinsomba cha mimba yaikulu ndi kukamwa ngati chipata cha khola la ng'ombe. Anthu onse a ku Mezani ankaikonda mfumuyi. Tikudziwa zimenezi chifukwa amene sankaikonda sanapezeke kuti tiwafunse.

Kumunsi kwa likulu kuli mchenga wa Pirirani, ndipo kumeneko n'kwawo kwa nkhanu zina zimene Namalenga anazisiya osamaliza. Kutsogolo anazipatsa manja olimba opanira, koma kumbuyo n'zofewa ngati phala la mwana. Choncho nkhanu ya mtundu umenewu imafuna chigoba cha nkhono yakufa, n'kulowamo chafutambuyo, n'kutseka pakhomo ndi dzanja lake lalikulu. Imeneyo ndiyo nyumba yake, ndipo kulikonse kumene ikupita imayenda nayo. Vuto n'lakuti nkhanu imakula, chigoba sichikula.

Makolo a nkhanuzi anali atapeza kale nzeru yake. Nkhono yaikulu ikafa, nkhanu zinkabwera n'kuima pamzere motsata msinkhu, yaikulu patsogolo, kakang'ono kumapeto, iliyonse itagwira chigoba cha mnzake wapatsogolo. Yaikulu ikalowa m'nyumba yatsopanoyo, yachiwiri inkalumphira m'nyumba imene yasiyidwa, yachitatu chimodzimodzi, mpaka kumchira. Maliro amodzi ankasamutsa mudzi wonse, popanda kalata, popanda chidindo, popanda wogwadira mnzake. N'chifukwa chake ku Pirirani kunalibe okonda kuzonda odwala ngati nkhanu. Nkhono ikangotsokomola kamodzi, inkapeza khamu pakhomo likufunsa mmene yadzukira, uku maso akuyeza denga.

Zinthu zinasokonekera chaka chimene mfumu inakwatira ku banja la Aphwanya. Aphwanya ndi nsomba za mano ngati nyundo, ndipo ndiwo yawo ndi nkhono. Akanakhala odya mwaulemu, kutsopa nyama n'kusiya chigoba, palibe akanadandaula kupatula nkhonozo. Koma iwo amatafuna ndi nyumba yomwe. Alamu a mfumuwa anabwera kuukwati ngati alendo, ukwati unatha, iwo osabwerera kwawo. Posakhalitsa mchenga wa Pirirani unadzaza zibenthu, ndipo pankatha miyezi nkhanu osaimako pamzere.

Mmodzi mwa amene zinawathina anali mayi Nangondo, nkhanu yogulitsa ndere pamsika wa Pirirani. Nangondo anali wofatsa mochititsa chisoni, woti wina akamuponda, wopepesa ankakhala iyeyo. Chigoba chake chinali chitamuchepera kalekale. Theka la thupi linkakhala panja, ndipo akafuna kutseka pakhomo dzanja linkangolendewera. Choopsa chinali chakuti nthawi yake yofundula inali itayandikira. Nkhanu ikafundula khungu lakale imatuluka yokulirapo komanso yofewa thupi lonse, ndipo ikasowa pobisala masiku amenewo imasanduka ndiwo ya aliyense wodutsa. Nangondo ankadziwa kuti akafundula alibe chigoba chokulirapo, wapita.

Chiyembekezo chake chinali pa a Dzoole, nkhono yokalamba imene inkagula ndere pa benchi lake tsiku ndi tsiku.

"Mayi, musamachite manyazi kuyang'ana nyumbayi," ankatero a Dzoole. "Ndi yanu. Ine ndatsala madzi amodzi."

"Aa, bambo, musatero. Mulungu akusungeni," ankayankha Nangondo, mumtima akupempha Mulungu yemweyo kuti asawasunge mopitirira muyeso.

Madandaulo atafika ku Pakhosi, mfumu inaitanitsa bwalo la nduna. Pambali pake panakhala mlamu wake wamkulu, amene anabwera ndi nkhono zingapo zoti azitafuna pomvetsera. Woyamba kulankhula anali a Chitukumula, Nduna ya Zigoba ndi Malo Okhala. A Chitukumula nawonso anali nkhanu, obadwira ku Pirirani komweko, koma chilowereni m'boma anaiwala mwambo wosiyira mnzako nyumba ukasamuka. Anali ndi zigoba zisanu ndi ziwiri: chogonamo, chopitira kumisonkhano, chakumaliro, ndi zinazo zongoti mtima uzikhala m'malo.

"Mfumu yanga, inu amene mafunde amakupemphani njira," anayamba motero a Chitukumula, "tafufuza mozama chimene chikuchititsa kuti zigoba zisowe."

Khwaa! Mlamu wa mfumu anaphwanya nkhono yoyamba. Zibenthu zinagwera pamutu pa ndunayo, koma iyo inazisasa mwaulemu n'kukweza mawu.

"Tapeza kuti zigoba sizinachepe ayi."

Khwaa!

"Zimene zachitika n'zakuti nkhanu zakula. Zikukula mwachisawawa, mfumu, popanda dongosolo, popanda kufunsa boma. Munthu akugona ali wamng'ono, akudzuka ali wamkulu, kenako n'kumaloza boma chala."

Nduna zonse zinaomba zipsepse. Panalibe amene sanamve phokoso la mano a mlamu uja, koma khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo mkhate wake unali wa mfumu. Nduna ya Zaumoyo inawonjezera kuti kukhala mothinana kumalimbitsa msana. Nduna ya Zachikhalidwe inati mzere uja ndi msonkhano wosaloledwa, poti nkhanu zikagwirana mapewa chotero palibe akudziwa zimene zimanong'onezana. Mfumu inayasamula, nduna ziwiri zapafupi zinasendera kumbuyo, ndipo lamulo linadutsa.

M'mawa mwake mneneri wa boma, kansomba kowonda ka mawu akuthwa, anafika pamsika wa Pirirani n'kukwera pamwala.

"Tamverani, inu a ku Mezani! Kuyambira lero chigoba chilichonse chopanda mwini ndi cha mfumu, ndipo chizikasungidwa ku Nkhokwe ya Zigoba. Mzere wathetsedwa. Komanso nkhanu iliyonse yofuna kukula iyambe yatenga chilolezo. Wokula popanda chilolezo adzaona chimene chinameta nkhanga mpala!"

Kenako Nangondo anakweza dzanja.

"Pepani bwana, ine n'kusaphunzira. Chilolezo chokuliracho chimapezeka bwanji?"

"N'chosavuta, mayi. Mungosonyeza chigoba chimene mukufuna kukuliramo."

"Nanga chigobacho?"

"Chimaperekedwa ku Nkhokwe, kwa amene ali ndi chilolezo."

"Oo. Ndiye boma laganizatu zonse," anatero Nangondo.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi," anatero mneneri.

"Maso anga ndi awa, aoneni msanga," anayankha a Dzoole, "alamu a mfumu asanafike."

Nkhanu ina kumbuyo inafunsa ngati kuonda nako kukufuna chilolezo. Mneneri anati ayi, kuonda n'kwaulere, ndipo boma likukulimbikitsa.

Kuyambira tsiku limenelo a ku Pirirani anayamba kulimbana ndi matupi awo. Apolisi ankazungulira pamsika ndi chingwe choyezera. Amayi ankakalipira ana awo chifukwa chomaliza chakudya. Kuuza mnzako kuti "mwanenepatu" kunasanduka kumuopseza, ndipo amene akukufunira zabwino ankati, "Koma ndiye mwafota bwino, mlongo." Ndere za Nangondo zinkangowola pa benchi. Nkhanu ina itasowa mtengo wogwira inalowa m'chitini chakale chimene chinagwa m'sitima, ndipo a Chitukumula anabwera ndi oimba kudzatsegulira chitinicho monga chiyambi cha nyumba zamakono. Mwini wake anafa ndi dzimbiri patapita milungu itatu, koma pamenepo oimba sanabwere.

Nangondo, atamva kuti kumsana kwayamba kuyabwa, analimba mtima n'kupita ku Nkhokwe. Anasuzumira pa mpanda n'kuona zigoba zili mbwee, zazikulu ndi zazing'ono, tinsomba tikusewera chibisalirano m'katimo. Mtima unamupweteka. Anadikira pachipata mpaka a Chitukumula atatulukira.

"Achimwene," anatero Nangondo atagwada, "mwandiiwala? Kale munkaima kumbuyo kwanga pamzere. Chigoba chanu choyamba chopanda bowo ndinakusiyirani ndine."

"Mayi, boma silikumbukira za pamzere."

"Ndingopempha chimodzi, bwana, ngakhale chong'aluka. Masiku anga ofundula akwana."

A Chitukumula anapumira m'mwamba ngati munthu wotopa ndi kuphunzitsa mbuli. "Tikakupatsani inu, mawa abwera onse. Onse akatenga, Nkhokwe itsala yopanda kanthu. Ndiye wina akadzafunsa kuti boma likuchitapo chiyani pa vuto la zigoba, tidzamuonetsa chiyani?"

Nangondo anathokoza chifukwa cha kufotokoza komveka bwinoko, n'kubwerera kumsika akukoka theka la thupi pamchenga.

A Dzoole anakhala ngati analosera. Patangopita masiku anayi, mlamu wa mfumu anadutsa pamsika masanasana, akuti poyendera chitukuko. Anaima pa benchi la Nangondo, anayang'ana ndere, kenako anayang'ana a Dzoole. Khwaa! Nangondo anaona nyumba yake ya mawa ikugwa zibenthuzibenthu pamchenga. Analira kwambiri, ndipo kunena zoona ngakhale mwini wake sankadziwa kuti akulira mnzake kapena denga. Apolisi atabwera analengeza kuti a Dzoole amwalira ndi ukalamba.

Mantha ndi chisoni zinafulumizitsa zimene ankaopa zija. Tsiku lomwelo khungu linang'ambika kumsana, ndipo Nangondo anafundula pakati pa msika, anthu akuona. Atayesa kubwerera m'chigoba chake chakale, munangolowa kansonga ka mchira. Amayi anzake anamuzungulira kuti amutchinge, poti nsomba zinali zitayamba kale kuzungulira pamwamba ngati akabawi ataona anapiye. Mwamwayi, ngati umenewo ndi mwayi, apolisi ndi amene anayamba kufika. Anamuyeza ndi chingwe chija n'kupeza kuti wakula chala chathunthu.

Mlandu unakazengedwa ku Pakhosi pamaso pa woweruza, a Khwimani, kamba wam'nyanja wa zaka zosawerengeka. A Khwimani anabadwa ndi nyumba kumsana, nyumba yokula limodzi ndi mwini wake, choncho nkhani yosowa pokhala ankaimva ngati nthano. Koma anali ndi khalidwe limodzi limene ngakhale mfumu linkaitopetsa: chimene chalembedwa m'buku la malamulo ankachitsata mpaka kumapeto, pang'onopang'ono, osacheuka.

"Mayi Nangondo, kodi munakula?"

"Ndinakula, bwana."

"Anakutumani ndani?"

"Palibe, bwana. Zinangochitika."

"Zinangochitika," anabwereza a Khwimani akupukusa mutu. "Aliyense akamati zinangochitika, dziko lino lidzakhala la zimphona zokhazokha. Miyezi isanu ndi umodzi m'ndende."

Apa panabuka vuto. Ku Mezani kunalibe ndende, chifukwa chikhalire olakwa onse ankangoperekezedwa kwa mfumu nthawi ya nkhomaliro. Koma chaka chimenecho mfumu inali itaitana akazembe a nyanja zina kuti adzaone mmene Mezani amalemekezera malamulo, ndipo dziko lolemekeza malamulo liyenera kukhala ndi akaidi oonetsa alendo. Mkulu wa apolisi ananong'oneza woweruza kuti mkaidi wofewa chotere sangathe ndi tsiku lomwe, poti ngakhale omulondera ayamba kale kumeza malovu. A Khwimani anati buku likunena miyezi isanu ndi umodzi, osati tsiku limodzi. Analamula kuti wina athamangire ku Nkhokwe akatenge chigoba cholimba, amutsekeremo.

Anabwera nacho chigoba chosalala, chokhuthala, chopanda mng'alu. Nangondo analowamo chafutambuyo, thupi lonse linakwana ngati anachita kumuyeza, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri anatambasula msana. Analira mokweza ndi chimwemwe. Kalaliki wa bwalo analemba kuti wolakwayo walira posonyeza kulapa.

Mbiri inafika ku Pirirani tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake kupolisi kunadzaza osati masewera.

"Bwana, ndimangeni, ndakula."

"Ine ndinakula kawiri, bwana, ndinkangobisa."

"Ine sindinakule, koma maganizo ofuna kukula ndili nawo."

Apolisi, amene ankakwezedwa paudindo malinga ndi kuchuluka kwa omangidwa, sanabweze aliyense. Zigoba zakale za omangidwawo ankazilanda monga umboni n'kuzipereka kwa alamu a mfumu kuti azinolera mano. Pasanathe mwezi Nkhokwe inatsala yopanda kanthu, ndipo m'kati mwa mpanda wake, umene tsopano unkatchedwa ndende, munadzaza nkhanu zonenepa, zogona tulo tabwino, zopatsana moni mwansangala. Achikulire a ku Pirirani amanena mpaka lero kuti boma la Chimeza silinawachitirepo chabwino china choposa kuwamanga.

Amene mtima sunali m'malo anali a Chitukumula. Zigoba za m'Nkhokwe zinali za mfumu pa dzina lokha. Mumtima mwawo anali atazigawa kale, china cha mkazi wamng'ono, china cha mphwawo, zina zoti adzapumiremo akadzachoka m'boma. Tsopano munkagona ogulitsa ndere. Anavala chigoba chawo chopitira kumisonkhano n'kukagwada pamaso pa mfumu.

"Mfumu yanga, sabata yamawa mukwanitsa zaka khumi muli pampando, ndipo akazembe aja adzakhalapo. Kodi chilipo chimene chingawagwire mtima kuposa chifundo? Khululukirani akaidi onse. Asiye katundu wa boma m'bwalo, atuluke pachipata, apite kwawo ali mfulu."

"Atuluke m'zigoba?" inafunsa mfumu.

"Onse, mfumu."

"Ali ofewa?"

"Kumbuyo konse, mfumu."

Mfumu inameza malovu. "Chifundo n'chokoma," inatero.

Tsiku la chikondwerero litafika, bwalo la ndende linakongoletsedwa ndi udzu wam'nyanja. Akazembe, amene nawonso anali nsomba zikuluzikulu, anakhala kutsogolo. A Khwimani anakhala pambali ndi buku lawo. Mfumu inati singalole ana ake kuti atuluke osawadalitsa, choncho inakagona pachipata penipeni, kukamwa kuli yasa, moti wotuluka analibe polambalala.

Mneneri anaitana dzina loyamba. Nkhanu ina yachikulire inavula chigoba, inathokoza mfumu chifukwa cha mtima wake wabwino, inayenda kulunjika kuchipata, ndipo sinaonekenso. Yachiwiri chimodzimodzi. Akazembe anaomba zipsepse. Mmodzi mwa iwo anafotokozera mnzake kuti kudya mkaidi ndi nkhanza zimene nyanja zonse zimadana nazo, koma kudya mfulu ndi chilengedwe basi, ndipo mlendo salowerera za chilengedwe.

"Nangondo!"

Nangondo anasuzumira pakhomo pa chigoba chake. Anayang'ana kuchipata, kenako anayang'ana zigoba ziwiri zopanda kanthu zimene a Chitukumula anali atayamba kale kuzisisita.

"Zikomo kwambiri, bwana," anatero Nangondo akuyang'ana a Khwimani, "koma ine ndisakhululukidwe. Sindinalape. Ndikumva m'thupimu kuti ndikulanso."

"Chikhululukiro cha mfumu sichikanidwa," anatero a Khwimani. "Chafafaniza milandu yonse imene inapalamulidwa kufikira m'mawa wa lero."

"Nanga wopalamula masana ano?"

A Khwimani anatsegula buku lawo pang'onopang'ono. "Umenewo ndi mlandu watsopano."

"Mlandu waukulu kwambiri m'bukumo ndi uti, bwana?"

"Kunyoza mfumu pagulu. Ndende moyo wonse, popanda chikhululukiro. Ndime imeneyi mfumu inalemba yokha."

Chibadwire, Nangondo anali asanatukwanepo ngakhale mwala womupunthwitsa. Anafufuza m'mutu mwake mawu achipongwe, osapezamo ndi limodzi lomwe. Ndiye poti analibe chonyozera, anangoganiza zonena zimene ankadziwa.

"Mfumu," anayamba motero Nangondo, "zigoba akutha ndi alamu anu. A Dzoole sanafe ndi ukalamba, anatafunidwa pa benchi langa ine ndikuona. Andunawa ali ndi nyumba zisanu ndi ziwiri, thako lili limodzi. Ndipo inu, mfumu, simunatikhululukire ayi. Muli ndi njala."

A Chitukumula analowa m'chigoba chawo mpaka osaoneka. Mfumu inatseka kukamwa kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, kenako inabangula kuti alamu ake amuphwanye mayiyo pomwepo, ndi chigoba chomwe.

"Pepani, mfumu," anatero a Khwimani osadzutsa mutu, chala chili pa ndime ija. "Kuyambira pamene anatsegula pakamwa, mayiyu ndi mkaidi, ndipo mkaidi ndi katundu wa boma."

Akazembe anagwedeza mitu movomereza, ena n'kutulutsa zolembera. Mfumu inawayang'ana, inayang'ana Nangondo, n'kukhala pansi ikupuma mwaphuma.

"Mayi Nangondo," anapitiriza a Khwimani, "mawu amene mwanenawa ndi chipongwe choopsa, poti mulibe ngakhale bodza limodzi limene bwalo lingatsamirepo kuti lichepetse chilango. Mukhala m'ndende moyo wanu wonse. Muli ndi chodandaula?"

"Ayi, bwana. Mulungu akudalitseni," anatero Nangondo. Anabwerera m'kati n'kutseka pakhomo ndi dzanja lake.

Mneneri, posowa chochita, anaitana dzina lotsatira. Nkhanu imene inaitanidwayo sinavule chigoba. Inangosuzumira pakhomo, inakonza kukhosi, n'kunena kuti, "Mfumu, nanenso ndili ndi mawu pang'ono."